Chibayo chikamabwerera pa nthiti imodzimodzi

Kwathu ku Angónia munthu akatsokomola mwezi wathunthu, aliyense amakhala atadziwa kale dzina la matenda ake. Apongozi adziwa, wogulitsa tomato pamsika wa ku Ulongué wadziwa, ngakhale amene wakhala naye moyandikana mu chapa, minibasi ya kwathu, wadziwa ndipo wayamba kale kuyang'ana kuwindo. Ndi TB. Kunena zoona, nthawi zambiri amalasa. Mozambique ili m'gulu la mayiko amene bungwe la WHO limati TB ndi yochuluka, ndiye namwino amene wamva za chifuwa cha masabata awiri n'kupereka kabotolo ka makhololo wachita ntchito yake bwino lomwe. Nkhani imavuta makhololo akabwera opanda kanthu, mankhwala amwedwa mpaka kutha, koma chifuwa chili pompo. Pamenepo odwala ndi ochiza omwe timakonda kubwereza funso lomwe lija mokweza mawu, m'malo mofunsa lina.

Ndikulemba za chotupa cha m'mapapo chotchedwa carcinoid. N'chosowa zedi: mwa anthu 100 amene apezeka ndi khansa ya m'mapapo, mmodzi kapena awiri okha ndi amene amakhala nacho. Ine ndinachidziwira pa achemwali anga, amene amalima mbatatesi ndi chimanga cha kufupi ndi phiri la Dómuè, ndipo sanaikepo ndudu pakamwa chibadwire. Pamene zinkayamba anali asanakwane zaka 45, ndipo m'menemo ndi m'mene chotupachi chimakonda kupezera anthu, akadali ndi mphamvu zawo, mosiyana ndi khansa ya osuta imene imadikira ukalamba.

Chinayamba ngati chifuwa cha nyengo yozizira. Amene anagonapo ku Angónia mu June kapena July akuidziwa mphepo yake, mudzi wonse umatsokomola. Kenako kunabwera kutentha thupi ndi kubaya m'nthiti. Kuchipatala anati chibayo, anapereka amoxicillin, achemwali anachira n'kubwerera kudimba. Mvula isanagwe chibayo chinabweranso, anachiranso. Chaka chotsatira m'chifuwa munayamba kulira tsiii usiku, ndiye anati ndi mphumu, nawapatsa kampopi kabuluu kopopera m'kamwa, kamene sikanasinthe kalikonse. Mwana wawo wamkazi, amene ankagona nawo pamene akudwala, ndi amene anaona kanthu kena kamene panthawiyo kankaoneka kopanda pake. Kulirako kunkamveka mbali imodzi yokha. Ukagunditsa khutu kumsana kwawo cha kumanja, likhweru. Kumanzere, zii. Mphumu yeniyeni imafinya njira za mpweya mbali zonse ziwiri.

Tsiku limene anaona timizere ta magazi m'makhololo, nkhani ya mphumu inathera pomwepo n'kutsala TB. Anayeza makhololo pa makina a GeneXpert, osapeza. Anayezanso, osapeza. HIV analibe. Koma pa X-ray panali mthunzi m'munsi mwa phapo la kumanja, ndipo alipo ndithu anthu a TB amene makhololo awo saonetsa kanthu, choncho anawayambitsa mankhwala a miyezi 6, iwiri yoyamba ya mankhwala anayi ophatikiza, inayi yotsatira ya awiri. Mkodzo unafiira chifukwa cha rifampicin monga anawachenjezera. Kapu ndi mbale yawo zinapatulidwa, amayi anzawo a kutchalitchi anayamba kuwalonjera ali chapatali. Anamwa osadumphitsa tsiku, ndipo m'miyezi imeneyo ankapezako bwino, pakuti rifampicin amapha ndi tizilombo tina toyambitsa chibayo. Atamaliza sipanapite nthawi, chibayo chinafika pamalo pomwe paja.

Pamudzi matenda akakana mankhwala a kuchipatala amapeza eni ake. Ena anati ndi fodya, poti alamu amalima fodya ndipo achemwali amathandiza kusankha masamba m'chigafa. Ena anati utsi wa nkhuni. Ena analoza ine, chifukwa achemwali anakhalako kwanga ku Moatize, kumene fumbi la malasha limadetsa zovala zikadali pachingwe. Azakhali sanazungulire ayi. Anati mbatatesi za achemwali zinachita bwino mopitirira chaka chimenecho ndipo wina sizinamusangalatse, natengana nawo kwa sing'anga. Mphini zake zilipo mpaka lero, ndipo zili pamalo enieni, m'munsi mwa phewa la kumanja cha kumsana, pakuti sing'anga uja anawauza kuti aloze ndi chala pamene pakuwawa. Achemwali sanasinthepo malo. "Ndi pano, achimwene, pompano. Zikabwera zimafikira pano."

Kusuta ndiye gwero lalikulu la khansa zina za m'mapapo, koma mtundu wofala wa carcinoid umagwira ndi anthu amene sanasutepo. Fumbi la kumigodi ndi utsi wa m'khitchini zili ndi matenda akeake, oopsa ndithu, koma si amenewa. Pali mabanja ochepa amene amatengera kumtundu vuto lotchedwa MEN1 limene limabweretsa zotupa za mtundu umenewu, koma odwala ambiri alibe wachibale aliyense amene anadwalapo.

Chimene chinatipulumutsa ndi khalidwe la alamu losataya pepala. Malisiti a feteleza a zaka zamakedzana, makadi a sikelo a ana amene pano ali ndi ana awo, zonse zili m'jumbo pansi pa matiresi. Nditawaitana achemwali kuti adzaonedwenso mumzinda wa Tete, alamu anabwera ndi jumbo lonse. Dokotala wina wachinyamata anasolola ma X-ray onse, akale ndi atsopano, n'kumawagunditsa pa galasi la windo limodzi ndi limodzi, dzuwa la ku Tete lija likuwalira kuseri. Mthunzi unali pamalo amodzi pa chithunzi chilichonse, pena wokulirapo, pena wocheperapo, koma osachoka. Anandiuza m'Chipwitikizi, ine n'kumawamasulira achemwali, kuti chibayo chilibe pake, chimagwa paliponse. Chikamabwerera pamodzimodzi ndiye kuti pali chimene chatseka njira ya mpweya yopita kumeneko.

Achemwali anazimva msanga kuposa ine, poti amathirira dimba. Anati mwala ukatseka ngalande, madzi a kuseri kwake amaima, amachita ndere n'kuyamba kununkha, ndipo ungawakape lero mawa adzadzanso mpaka utachotsa mwalawo. Dokotala uja anaseka n'kuvomera. Mapapo amapanga timamina topyapyala usana ndi usiku, timene timakwera pang'onopang'ono kutulutsa fumbi ndi tizilombo. Njira ikatsekeka timaminato timaunjikana, tizilombo timaswana, ndiye chibayo. Amoxicillin ankapha tizilombo koma chotsekacho sankachikhudza.

Njira yaikulu ya mpweya imatsika kuchoka kukholingo n'kugawikana pawiri, ina kumanja ina kumanzere, ndipo iliyonse imagawikanagawikana mpaka timachubu tating'onoting'ono. Phapo la kumanja lili ndi zigawo zitatu, la kumanzere ziwiri chifukwa mtima unatenga malo. M'khoma la njira zimenezi muli maselo ochepa apadera otchedwa neuroendocrine, amene amalandira uthenga wa mitsempha n'kutulutsa mahomoni. Carcinoid imamera kuchokera kwa amenewa. Maselo oterewa alinso m'matumbo, ndipo kumeneko n'kumene dokotala wa ku Germany, Siegfried Oberndorfer, anafotokozera zotupa zotere mu 1907, ataona kuti maonekedwe ake ndi a khansa koma sizithamanga. Kwa zaka zambiri zinkaonedwa ngati zosaopsa. Masiku ano zimawerengedwa kuti ndi khansa ndithu, pakuti zimatha kufalikira ku anabere a m'chifuwa, kuchiwindi ndi kumafupa, kungoti zambiri zimatenga zaka. Zochuluka zimamera m'njira zikuluzikulu za pakati, n'chifukwa chake zimabweretsa chifuwa, likhweru, magazi ndi chibayo chobwerezabwereza. Zimene zamera chakunja, kumphepete kwa phapo, nthawi zambiri zimangokhala duu, ndipo zimapezeka mwangozi munthu akamajambulidwa pa zifukwa zina.

X-ray imangoonetsa mthunzi. Kuti aone chili m'kati mwa mthunziwo panafunika TAC, imene ena amati CT scan, makina ojambula m'kati mwa thupi aja amene munthu amalowetsedwa chogona. Inaonetsa kachotupa kozungulira, kosakwana masentimita atatu, katakhala m'njira imene imapereka mpweya ku zigawo ziwiri za m'munsi za phapo la kumanja. Kuseri kwake phapo linali litafota. Anatipatsa giya, kalata yotitumiza kuchipatala cha ku Maputo.

Anthu a m'malire tili ndi nkhani yathuyathu pamenepa. Kuchoka ku Ulongué, kudutsa pa Calómuè ndi Dedza, Lilongwe ndi pafupi, munthu umanyamuka m'mawa n'kukadya nkhomaliro kumeneko, ndiponso namwino amakufunsa m'chilankhulo chimene umalotera. Koma mapepala a boma lathu amaloza kummwera, makilomita oposa 1,500, kuoloka Zambezi, kudutsa Chimoio ndi Inchope, kuoloka Save, ndi munthu wodwala chifuwa m'basi. Alamu anagulitsa ng'ombe. Achibale a ku Lilongwe ndi mdzukulu wina wa ku Johannesburg anasonkha, zina zinabwera pa M-Pesa tili kale m'njira. Ndimaganizira kawirikawiri za mayi wina wa ku Tsangano kapena Macanga amene ali ndi chotupa chomwechi koma alibe ng'ombe, alibenso mchimwene wodziwa Chipwitikizi. Ameneyo adzamwa mankhwala a TB kawiri katatu, ndipo pamaliro pake anthu adzati sankamwa mwandondomeko.

Ku Maputo anawalowetsa kachubu kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kudzera m'mphuno mpaka m'chifuwa, atawapopera mankhwala a dzanzi. Amati bronchoscopy. Anandionetsa chithunzi chake: kanthu kofiira piriwiri, kosalala, konyezimira, katadzaza njira yonse n'kungosiya kampata kakang'ono m'mbali. Likhweru lija linkachokera pa kampata kameneko. Kufiirako n'chifukwa cha timitsempha ta magazi tambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake chotupachi chimachucha magazi ngakhale chikadali chaching'ono. Anatapapo kanyama mosamala kwambiri n'kukatumiza kukayezedwa.

Yankho la kanyama kameneko ndi limene limagamula tsogolo la wodwala, choncho ndichedwepo pang'ono. Woyeza amaika kanyamako pa maikulosikopu n'kuwerenga maselo amene wawapeza ali m'kati mogawikana, pa kamalo ka masikweya milimita 2. Akapeza ochepera 2, ndipo palibe pamene nyama yafa, amati typical carcinoid. Akapeza kuyambira 2 mpaka 10, kapena timadontho ta nyama yakufa, amati atypical carcinoid, ndipo imeneyi imakula mofulumirirapo, imafalikira kawirikawiri ndiponso imakonda kubwerera. Pa zotupa 10 za carcinoid ya m'mapapo, pafupifupi 9 zimakhala typical. Kanyama kotapa ndi kachubu n'kakang'ono, ndiye chigamulo chenicheni chimadikira chotupa chonse chitachotsedwa. M'banja lomweli la neuroendocrine mulinso khansa ziwiri zolusa, small cell ndi large cell, za anthu osuta, zimene zimafalikira m'miyezi yochepa. Ndikutchula zimenezi chifukwa mwana wa achemwali anakafufuza pa intaneti ya pafoni usiku, anagwera pa nkhani za small cell, n'kulira mpaka m'mawa chifukwa cha matenda amene mayi ake analibe. Yawo inali typical.

Nkhondo yaikulu inali ya mpeni. Dokotala atangotchula khansa ndi opaleshoni, alamu anaimirira n'kutuluka. Ndinawapeza panja atatsamira khoma. "Alamu, khansa sakhudza ndi mpeni. Ukaikhudza imalusa. Tiyeni tibwerere nawo, akafere pakhomo." Sindinawaone ngati mbuli. Anaonapo anthu angapo akupita ku opaleshoni ya khansa n'kumwalira pasanathe miyezi itatu, ndipo nanenso ndinawaona. Koma anthu amenewo anafika kumpeni matenda atafalikira kale thupi lonse, anawatsegula n'kuwatseka chabe. Mpeni unapeza moto utayaka kale. Pa carcinoid imene sinafalikire, opaleshoni ndiye mankhwala ake enieni, ndipo palibe china chimene chimachiza kuposa pamenepo. Mwa odwala typical carcinoid amene achotsedwa chotupa, pafupifupi 9 mwa 10 amakhala ali moyo patatha zaka 5, ndipo ambiri amakalamba n'kufa ndi zina. Pa khansa ya m'mapapo manambala oterewa ndi achilendo.

Amene anathetsa mkangano ndi eni thupi. Anati, "Bambo a ana, ine ndatopa n'kumwa mapiritsi a matenda a eni. Achichotse." Alamu anasaina.

Anatsegula pakati pa nthiti cha kumbali, anachotsa zigawo ziwiri za m'munsi za phapo la kumanja pamodzi ndi anabere oyandikana nazo kuti akawayeze. Anabere anapezeka abwinobwino. Apa ndiye pali chimene chinandichititsa kulemba zonsezi. Dokotala wa opaleshoni anandiuza kuti chotupa chotere chikapezeka phapo la kuseri kwake lisanawonongeke, nthawi zina amangodula kachigawo ka njira ya mpweya pamene chakhala, n'kulumikiza mbali ziwirizo, phapo n'kutsala. Kwa achemwali zimenezi sizinatheke. Chibayo cha zaka zonse zija chinali chitasandutsa zigawo ziwirizo matumba a mafinya. Kuchedwa kukula kwa chotupachi n'kumene kunawasungira moyo pamene tinkazungulira ndi mphumu ndi TB, pakuti chikanakhala cha mtundu wolusa sitikanafika n'komwe ku Maputo. Koma kuchedwa komweko n'kumene kumachititsa kuti aliyense azolowere chifuwacho, ndipo chaka chilichonse chimene chadutsa, phapo limalipira.

Masiku a pambuyo pa opaleshoni anali owawa. Paipi inatuluka m'nthiti kutsikira m'botolo la madzi pansi pa bedi, madziwo n'kumabwata akatsokomola. Anamwino ankawakakamiza kutsokomola, chinthu chimene anakhala zaka akuyesa kuchiletsa, atakumbatira pilo pabala. Anawapatsanso botolo lina ndi kapaipi koti aziuzira, kuti phapo lotsalalo lifutukuke n'kudzaza malo. Ankatukwana pang'onopang'ono m'Chichewa, anamwino n'kumamwetulira osamva kanthu. Anawadzutsa kuti ayende tsiku lotsatira lomwe.

Sanalandire chemotherapy, ndipo kumudzi ena anaona ngati madokotala angotaya mtima. Ayi. Mankhwala amenewo amagwira bwino maselo amene akugawikana mothamanga, ndipo a typical carcinoid sathamanga, choncho chotupa chikachoka chonse ndi anabere ali bwino, nthawi zambiri sipafunikanso china. Chimodzimodzi kuwotcha ndi ma radiation, kumene ku Maputo kunayamba mu 2019, sikukhala patsogolo pa matenda amenewa. Amene chotupa chawafalikira ali ndi njira zina zochichedwetsera: jakisoni wa pamwezi wa octreotide kapena lanreotide, mapiritsi a everolimus, ndiponso mankhwala a lutetium amene amalondola maselo a chotupacho m'magazi n'kukawawotchera pomwepo. Munthu amatha kukhala zaka zambiri pa mankhwala amenewa, koma mitengo yake si ya mlimi wa mbatatesi, ndipo n'chifukwa china chimene kwa ife kupeza msanga kuli kofunika kuposa kwa anthu a ku Lisboa, ku Portugal.

Poti maselo ake ndi opanga mahomoni, odwala ochepa amaona zachilendo zimene sungaziganizire kuti zikuchokera m'chifuwa. Ena nkhope imatentha mwadzidzidzi, m'mimba n'kumatsegula. Ena nkhope imatupa n'kuzungulira, shuga ndi BP n'kukwera, chifukwa chotupacho chikutulutsa homoni yotchedwa ACTH. Achemwali analibe zonsezi, ndipo ambiri a carcinoid ya m'mapapo sakhala nazo.

Sindikufuna wina awerenge izi n'kukana kabotolo ka makhololo. Ukatsokomola masabata awiri, kayezetse TB, ndipo akaipeza imwa mankhwala mpaka tsiku lomaliza, chifukwa kwathu kuno TB ndi imene ikupha anthu, carcinoid ambiri sadzakumana nayo moyo wawo wonse. Ndikunena za uja wayezedwa kawiri osapeza, wamaliza mankhwala osachira, chibayo chikumubwerera pa nthiti imodzimodzi, likhweru likumveka mbali imodzi, kampopi sikakugwira. Ameneyo ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, kodi palibe chimene chatseka? Chikhoza kukhala carcinoid, khansa ina, chipsera cha TB yakale, ngakhale mtedza umene mwana anameza molakwika. Kuchipatala kumakhala mzere wautali, ndipo amene wakuona lero si amene anakuona chaka chatha, sadziwa kuti aka n'kachinayi. Amene amadziwa ndi wodwala ndi womudwazika, ndiye mapepala ndi zithunzi zakale uzipita nazo zonse, ngakhale zitachita mawanga a chinyezi.

Achemwali anabwerera kudimba. Pokwera chitunda kuchoka kumtsinje amaima kawiri kupuma, ndipo thumba la mbatatesi sasenzanso, zimene zimawakwiyitsa kuposa chipsera. Carcinoid imatha kubwerera patatha zaka 10 kapena kuposerapo, ndiye madokotala anati kujambulitsa kusalekeke, poyamba pafupipafupi, kenako motalikirana, ndipo aziyang'ananso chiwindi. Izi n'zovuta kufotokozera munthu amene akudziona kuti wachira, makamaka ulendo wa ku Tete ukagundana ndi nthawi yokolola. Tinagwirizana kuti mizere ina ya kudimba ikhale ya ulendo umenewu, ndalama zake zisakhudzidwe ngakhale pagwe maliro kapena chinkhoswe. Azakhali akuti zimenezo n'kuitana matenda. Alamu, amene ankakana mpeni aja, ndi amene pano amasunga tsiku la kuchipatala, ndipo chaka chino awonjezera mizere iwiri poti mtengo wa mbatatesi sunachite bwino.